Mbiri ya Kanema Woseketsa wa Chikondi ku Mangochi ndi Kum'mwera kwa Nyanja Wailesi ya Kanema Isanafike

Makanema oseketsa a nkhani za chibwenzi ndi ukwati anafika kwa anthu a ku Mangochi ndi kum'mwera kwa nyanja ya Malawi zaka zambiri wailesi ya kanema isanayambe m'dziko muno. Wailesi ya kanema inatsegulidwa ku Southern Rhodesia mu 1960 ndi ku Northern Rhodesia mu 1961, koma ku Malawi inadzayamba mu 1999. Kwa zaka zoposa 60, kanema ankafika kumudzi atakwera lole, kapena ankafika m'kamwa mwa matchona amene anamuonera kumigodi. Ambiri mwa makanemawa anali otsika mtengo: kamera imodzi, osewera otengedwa m'mudzi momwemo, nkhani yaifupi, ndipo kawirikawiri popanda mawu. Chimene chinkawapatsa moyo chinali kuseka kwa oonera ndi pakamwa pa munthu womasulira.

Bwalo la nthano chinsalu chisanabwere

Dera la kum'mwera kwa nyanja ndi la Anyanja ndi Ayao. Ayao anafika kuchokera kum'mawa, m'dziko limene lero ndi Mozambique, chapakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi anakhazika maufumu awo m'mbali mwa nyanja, m'mapiri ndi potulukira mtsinje wa Shire. Mitundu yonse iwiriyi imatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo mwamuna akakwatira ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Moyo wa chikamwini umenewu unali gwero losaphwa la nthabwala. Nthano za madzulo zinkanena za mkamwini wadyera amene anagwidwa akuba ndiwo za apongozi usiku, za mnyamata amene anabwereka zovala kuti akafunsire mbeta, ndi za namwali wokana amuna onse amene pomaliza anakwatiwa ndi chilombo chovala khungu la munthu. Amayi ankaimba za amuna aulesi pamtondo, ndipo asodzi ankanyogodolana za zibwenzi zawo akusoka makoka padoko. Mwambi woti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, umasonyeza mmene anthu ankaonera ukwati: chinthu chofunika kwambiri, koma chodzaza ndi zoseketsa.

Zithunzi zoyamba kuoneka pansalu anabwera nazo ndi amishoni. David Livingstone ankayenda ndi nyali yoonetsera zithunzi za nkhani za m'Baibulo, ndipo amishoni amene anamutsatira anapitiriza njira yomweyo pophunzitsa. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, linakhazikitsidwa mu 1891, ndipo a mpingo wa Anglican anamanga malo awo ku Malindi ndi kwa Mponda. Zithunzi za nyalizo sizinkayenda, koma zinaphunzitsa anthu chizolowezi chimene chinakhalitsa: kusonkhana mumdima, kuyang'ana nsalu yowala, ndi kumvetsera munthu mmodzi akufotokoza zimene zikuoneka. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, gule wa beni anafala m'derali. Ovina ankatsanzira perete wa asilikali ndi mayendedwe a akuluakulu achizungu, ndipo nyimbo zake zinkakhudza za m'mudzi, za akazi ndi za amuna. Anthu anali atazolowera kale kuona munthu akuvala udindo wa wina kuti aseketse khamu.

Matchona ndi bayisikopo wa kumigodi

Amuna oyamba a m'derali kuonera zithunzi zoyenda anali amene anapita kukagwira ntchito ku Joni, ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Ena ankalembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, ena ankayenda okha ulendo wa selefu. M'zaka za m'ma 1920, mmishoni wa ku America Ray Phillips anayamba kuonetsa makanema m'makomponi a migodi ya ku Johannesburg mogwirizana ndi eni migodi, amene ankafuna kuti antchito azikhala ndi chochita madzulo m'malo momwa mowa. Ogwira ntchitowo anakonda kwambiri Charlie Chaplin, kamunthu kosauka ka nsapato zazikulu kamene kamathamangitsidwa ndi apolisi uku kakuyesetsa kukopa mtsikana wokongola. Anakondanso makanema a anyamata oweta ng'ombe a ku America, ndipo kumigodi ya kopa ngwazi iliyonse ya makanemawa inkangotchedwa Jack.

Mtchona akabwerera kwawo ku Malindi, kwa Makanjira kapena ku Namwera, ankabwera ndi njinga, galamafoni, suti ndi nkhani za bayisikopo. Ankasimba filimu yonse pabwalo, akutsanzira mayendedwe a osewera, motero ana ambiri anadziwa Chaplin asanamuonepo. Mtchonayo mwini wake anasanduka munthu wa m'nthabwala: mnyamata wa chipewa chopendekeka, wolankhula Chilapalapa, wokopa atsikana ndi ndalama zimene zimatha mvula isanagwe.

Nkhondo yachiwiri itatha, ku South Africa kunatuluka makanema otsika mtengo okhala ndi osewera akuda. Jim Comes to Jo'burg, wa mu 1949, amanena za mnyamata wochokera kumudzi amene anaberedwa atangofika m'tauni, nalephera ntchito zingapo, mpaka anapeza mwayi ndi chikondi kudzera mwa woimba wina. Mbali ya woimbayo anasewera ndi Dolly Rathebe. The Magic Garden, wa mu 1951, anajambulidwa ku Alexandra, ndipo amatsata ndalama zobedwa kutchalitchi zikuyenda m'manja mwa anthu osiyanasiyana, kuthandiza osauka ndi okondana. Nkhani zoterezi zinali pafupi ndi moyo wa matchona kuposa zonse za ku Hollywood.

Kuyesa koyamba: 1935 mpaka 1937

Makanema opangidwira anthu a kumidzi a chigawo chino anayamba ndi ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Inayendetsedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham kuyambira 1935 mpaka 1937, pansi pa bungwe la International Missionary Council, ndi thandizo la ndalama lochokera ku Carnegie Corporation. Likulu lake linali ku Vugiri ku Tanganyika, ndipo inapanga makanema 35 pa filimu yopapatiza ya mamilimita 16, imene inali yotchipa ndi yosavuta kunyamula. Mawu ankajambulidwa padera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja ndi Chitumbuka. Lole yonyamula makina inayenda ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia, ku Nyasaland (Malawi wa lero), ku Kenya ndi ku Uganda.

Cholinga chinali kuphunzitsa: kusunga ndalama ku positi ofesi, kukhoma msonkho, kupewa njoka zam'mimba, kusamala zikopa. Koma opanga makanemawa anaona msanga kuti phunziro louma silisunga khamu. Kafilimu kawo kanthabwala kotchedwa First Farce, kothamangitsana ndi kugwetsana, kankaseketsa anthu kulikonse kumene anakaonetsa. Kuyambira pamenepo, aliyense wopanga kanema wa anthu a kumudzi anadziwa kuti uthenga uyenera kukulungidwa m'nkhani, monga mmene mayi amabisira mankhwala owawa m'phala.

Nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939, boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit ku London motsogozedwa ndi William Sellers. Magalimoto a kanema anatumizidwa m'maiko a atsamunda kukaonetsa nkhani za nkhondo ndi kukopa anyamata kuti alowe usilikali. Ku Nyasaland ntchitoyi inali m'manja mwa ofesi yofalitsa nkhani ku Zomba, ndipo magalimoto ake ochepawo ankazungulira maboma nthawi yachilimwe, misewu ikauma.

Nyengo ya Central African Film Unit

Nthawi yofunika kwambiri m'mbiri imeneyi inayamba mu 1948, pamene bungwe la Central African Film Unit linakhazikitsidwa ku Salisbury kuti lizipanga makanema a maiko atatu: Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake anali Alan Izod, ndipo ojambula odziwika anali Stephen Peet ndi Louis Nell. Pofika 1963 bungweli linali litapanga makanema oposa 600, kuphatikizapo a nkhani za mwezi ndi mwezi.

Kapangidwe kake kanali kosalira zambiri. Gulu lojambula linkakhala la anthu ochepa: mzungu mmodzi wogwira kamera ndi kutsogolera, womasulira, ndi othandiza angapo. Ankamanga msasa pamudzi kwa milungu ingapo, n'kusankha osewera pakati pa aphunzitsi, amesenjala, alimi ndi amayi a pomwepo. Ankajambula masana pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, pa filimu ya mamilimita 16 ya zithunzi zamitundumitundu. Makanema a zaka zoyambirira analibe mawu, chifukwa filimu imodzi inkayenera kuonetsedwa kwa olankhula Chishona, Chindebele, Chibemba, Chinyanja, Chitumbuka ndi Chiyao.

Nkhani zambiri zinkamangidwa pa anthu awiri, wanzeru ndi wopusa. Wanzeru amamvera mlangizi, amakolola zambiri, amamanga nyumba yabwino. Wopusa amanyozera malangizo n'kugwa m'mavuto. The Two Farmers anali wa mtundu umenewu. The Wives of Nendi ankalimbikitsa magulu a amayi ndi ukhondo wa pakhomo. Koma amene anthu anawakumbukira kwambiri anali oseketsa. Mulenga Goes to Town amanena za mnyamata wotumidwa kukagulitsa nkhuku m'tauni, amene anapusitsidwa n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Mattaka Buys a Motor Car amanena za munthu amene anagulitsidwa galimoto yakutha ndi tambwali; woseweramo, Kenneth Mattaka, anali msangalatsi wochokera ku Nyasaland amene anatchuka ku Southern Rhodesia ndi gulu lake la Bantu Actors. Pambuyo pake kunabwera makanema otsatizana a kamunthu kochenjera kotchedwa Tiki, kamene a Malawi okhala m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia anakaonera kwa zaka zambiri. Njira yobwereza munthu mmodzimodzi m'makanema angapo inali yotchipa kwa opanga, ndipo kwa oonera inali ngati nthano za Kalulu: khamu linkayamba kuseka munthuyo akangotulukira pansalu.

Chikondi m'makanemawa chinkaonetsedwa mosamala. Maboma a atsamunda anali ndi mabungwe ounika makanema oonetsedwa kwa anthu akuda, ndipo ankadula malo opsopsonana ndi oonetsa akazi ovala mosadzilemekeza. Motero chibwenzi chinkaoneka kudzera m'zinthu zimene anthu ankazidziwa: kukumana panjira ya kuchitsime, kalata yotumizidwa ndi mwana, mphatso ya nsalu kapena sopo, ndi ankhoswe atakhala pamphasa. Ukwati unkakhala mphotho ya mnyamata wolimbikira, pamene wodzitama wa m'tauni ankatsala akuchita manyazi. Phunziro lake linali la mwambi uja woti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo linkagwirizana ndi chofuna cha boma choti achinyamata asathamangire m'matauni.

Usiku wa kanema

Kubwera kwa galimoto ya kanema kunali chochitika chachikulu. Uthenga unkadzera kwa DC, kwa mfumu ndi kwa aphunzitsi, ndipo ana a sukulu ankaufalitsa m'midzi yonse. Dzuwa likamapendeka, anthu ankayamba kufika pabwalo la mpira kapena pamsika, ena atayenda mtunda wautali, ena atapalasa mabwato. Galimotoyo inkakhala ndi jenereta, makina oonetsera, zokuzira mawu ndi chinsalu choyera. Nyimbo za galamafoni zinkayamba kulira kusanade kuti ziitane anthu. Ana ankakhala kutsogolo, amayi mbali imodzi, abambo mbali ina, mafumu pamipando.

Munthu wofunika kuposa onse anali womasulira. Iye ankapatsidwa pepala la mawu oti awerenge, koma womasulira waluso ankalisiya pepalalo n'kumalankhulira osewera onse ndi mawu osiyanasiyana, kuwapatsa maina a m'deralo ndi kuponyamo miyambi. Kum'mwera kwa nyanja ankayenera kudziwa Chinyanja ndi Chiyao. Oonera nawonso sankakhala chete. Ankachenjeza mnyamata wa pansalu kuti wakuba ali kumbuyo kwake, amayi ankalulutira mtsikana akakana tambwali, ndipo nthawi zina khamu linkakonda wopusa uja kuposa wanzeru amene boma linkafuna kuti atengere chitsanzo. Filimu yojambulidwa kutali inkasanduka nthano ya pamudzi pomwepo, ndipo inkasimbidwabe kudoko ndi kumunda galimoto itapita kalekale.

Chitaganya ndi kutha kwa chikhulupiriro

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, zinthu zinasintha. Central African Film Unit inalowa m'manja mwa boma la chitaganya, ndipo ntchito yake yaikulu inakhala kutamanda chitaganyacho ndi kukopa azungu kuti adzakhale m'maiko atatuwa. Anthu a ku Nyasaland ankadana ndi chitaganya, komanso ankadana ndi malamulo a malimidwe amene ankakakamiza alimi kupanga mizere ndi migula, n'kulipiritsa kapena kumanga olephera. Kanema wolangiza za ulimi anayamba kuoneka ngati pakamwa pa boma lomwelo. Boma la Fort Johnston linali limodzi mwa madera olimba pa ndale. Henry Masauko Chipembere, mmodzi mwa atsogoleri olankhula mopanda mantha a Nyasaland African Congress, kwawo kunali ku Malindi. Boma litalengeza lamulo la nyengo yoopsa pa 3 Malichi 1959, magalimoto ofalitsa nkhani anasanduka zida zokopera anthu ku mbali ya atsamunda, ndipo chikhulupiriro chimene nthabwala zinamanga chinagwa. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo bungwe la makanema lija linatha nacho.

Nthawi ya Kamuzu: wailesi ilowa m'malo

Malawi atalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, magalimoto a kanema anapitiriza kuyenda pansi pa unduna wofalitsa nkhani. Tsopano ankaonetsa maulendo a Dr. Hastings Kamuzu Banda, misonkhano ya chipani ndi ntchito zachitukuko. Unduna wa zamalimidwe unali ndi magalimoto ake achikasu amene ankaonetsa makanema a ulimi ndi masewero a zidole, ndipo zidolezo zinkaseketsa anthu ndi mikangano ya mwamuna ndi mkazi wake pa za feteleza, ngongole ndi ndalama za zokolola. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lounika makanema, mabuku ndi zisudzo, ndipo lumo la bungwe lounikalo linali lakuthwa pa nkhani za chikondi monga linalili la atsamunda. Nyumba zoonetsera kanema monga Apollo ku Blantyre zinali za anthu a m'mizinda. Njira ya kumigodi nayo inayamba kutsekeka: mu 1974 ndege yonyamula a Malawi ochokera ku Joni inagwa ku Francistown, ndipo boma linaimitsa kaye kulemba anthu kwa Wenela.

Popeza wailesi ya kanema kunalibe, nthabwala za chikondi zinasamukira pa wailesi ya mawu okha. Njirayi inali italambulidwa kale ndi wailesi ya ku Lusaka, imene m'zaka za m'ma 1950 inkaulutsa m'Chinyanja ndipo inkamveka m'midzi kudzera m'kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949. MBC itayamba mu 1964, masewero monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino anakhala makanema a m'makutu. Mabanja ankazungulira wailesi imodzi kumvera za amuna achinyengo, apongozi ovuta, mitala ndi makalata achikondi ogwera m'manja olakwika. Pabwalo la zisudzo, gulu la Kwathu ndi anthabwala awiri Izeki ndi Jakobo, amene maina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, anapitiriza mwambo wa anthu awiri otsutsana, koma tsopano olemba ndi osewera anali a Malawi, olankhula kwa a Malawi anzawo.

Vidiyo, wailesi ya kanema ndi lero

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, makaseti a vidiyo anasintha zonse. Tinyumba toonetsera vidiyo tinabuka ku Mangochi boma, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi m'madoko a asodzi, momwe ndalama zimayenda usipa ndi utaka zikagwidwa. Mwini malo ankangofunika jenereta, vidiyo, mabenchi ndi chikwangwani cholembedwa ndi choko. Anyamata a m'boma la Mangochi anapitiriza kupita ku South Africa paokha, ndipo pakati pa katundu amene ankatumiza kwawo panali makina oonetsera ndi makaseti. Makanema a karate ndi a nkhondo ankakopa anyamata, a ku India ankakopa ndi nyimbo ndi chikondi chokanizidwa ndi makolo, ndipo zaka za m'ma 2000 zitayamba a ku Nigeria monga Aki na Ukwa ndi Osuofia in London anadzaza tinyumbati ndi phwete. Womasulira uja anabweranso m'maonekedwe atsopano: anyamata otchedwa ma DJ anayamba kuika mawu a Chichewa pa makanema akunja, kuwapatsa osewera maina achimalawi ndi kuwonjezera nthabwala zawo, monga ankachitira womasulira wa pagalimoto zaka 50 m'mbuyomo.

Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999. Sewero la Tikuferanji, limene Michael Usi ankasewera ngati Manganya, linatenga njira yakale yophunzitsa moseketsa n'kuiika m'nyumba za anthu sabata iliyonse. Nyanja nayo inalowa m'kanema wopangidwa ndi Mmalawi: The Last Fishing Boat wa Shemu Joyah, wa mu 2012, amanena za msodzi, banja lake la mitala ndi alendo odzaona nyanja, pa nthawi imene nsomba zikuchepa. Lero achinyamata a m'matauni a m'mbali mwa nyanja amajambula timasewero tachikondi pa foni n'kutifalitsa pa WhatsApp, Facebook ndi YouTube, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Mitu yake ndi yomwe ija: wobwera ku Joni, mkamwini ndi apongozi, mtsikana wosankha pakati pa msodzi ndi wamalonda.

Makanema akalewo ambiri sanasungike bwino, chifukwa filimu imawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Mwa makanema 35 a Notcutt ndi Latham, atatu okha ndi amene anatsala, ndipo ali ku British Film Institute ku London. Ambiri a Central African Film Unit ali ku nyumba yosungira mbiri ya dziko la Zimbabwe ku Harare. Zithunzi zimene zinatsalazo ndi theka chabe la zimene zinkachitika pabwalo, chifukwa mawu a omasulira ndi mayankho a khamu sizinkajambulidwa. Theka linalo lili m'makumbukiro a okalamba a ku Mangochi amene anakhala pansi kutsogolo kwa chinsalu ali ana.